Ku Kyoto ndinapitira nsungwi, koma ndinakagwidwa mtima ndi anthu osesa ndere

Chithunzi chija mumachiona pa Instagram ndi pa Facebook, cha kanjira kopanda munthu olo mmodzi pakati pa nsungwi zitalizitali zobiriwira, malo amenewo alipodi abale anga, si zopanga pa kompyuta ayi. Ali ku Arashiyama, chakumadzulo kwa mzinda wa Kyoto ku Japan. Kungoti kanjirako ndi kakafupi, mwina theka la kilomita basi, ndipo dzuwa likangokwera kamadzaza anthu thithithi moti umayenda ukuyang'ana msana wa mnzako, wina wakweza foni uku, wina akuitana mwana wake uko. Ndiye munthu amene wataya ndalama zonse zija za ndege kuti akangojambulitsa pamenepo abwerako nkhope ili yakugwa. Ine ndinabwerako mtima uli mbee, koma chimene chinandisangalatsa kwenikweni ndi ntchito imene ndinaona. Kukongola kwa Kyoto sikuti makolo anangosiya kenako nkumakhala kokha, ayi, kuli anthu amene amadzuka mbandakucha tsiku ndi tsiku kukasesa, kukazulira, kukadulira, kukamanganso chimene chagwa.

Kaye pang'ono za mzindawu kwa amene simukuudziwa. Kyoto linali likulu la Japan kwa zaka zoposa 1,000, kuyambira mu 794 nthawi ya mfumu Kanmu mpaka mu 1869 pamene mfumu Meiji inakakhazikika ku Tokyo. Muli akachisi a Chibuda oposa 1,600 ndi malo opembedzerapo a Shinto, chipembedzo cha makolo a ku Japan, pafupifupi 400, ndipo mu 1994 a UNESCO anaika malo 17 a mu Kyoto ndi madera oyandikana nawo pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Kusiyanitsa sikovuta, ukaona chipata cha mizati iwiri ndi mitanda pamwamba, chimene amati torii, kawirikawiri chofiira, dziwa kuti walowa kwa a Shinto, ukamva fungo la lubani nkuona chifanizo cha Buddha ndiye kachisi ameneyo. Kuchokera ku Tokyo pa sitima yothamanga ija ya Shinkansen ndi maola awiri ndi mphindi pang'ono. Koma musamayembekezere kuti mukangotsika muona zakale, siteshoni yake ndi chinyumba cha magalasi ndi zitsulo, kunja kuli mabasi, mashopu, maofesi, tauni basi. Zakalezo zambiri zili m'mphepete, m'tsinde mwa mapiri amene anauzinga mzindawu mbali zitatu.

Ku Arashiyama ndinakwera sitima ya JR ya laini ya Sagano, mphindi ngati 15 nkukatsikira pa Saga-Arashiyama. Mayi wa pamene ndinkagona anandiuziratu kuti mwanawe ukafika 9 koloko wachedwa, ndiye ndinalawira kusanayere bwinobwino, mwezi wa November, kukuzizira kolowa mpaka m'mafupa. Pa nsungwipo palibe geti, palibe tikiti, umangolowa nthawi ina iliyonse.

Nsungwi zake ndi mtundu umene amati moso. Zonenepa moti zala za manja awiri zimavutika kukumana ukaigwira, zina zotalika mpaka mamita 20, zowongoka, m'munsi mulibe nthambi masamba onse ali kumwamba, ndiye kuwala kumachita kusefeka nkutsika kobiriwira, nkhope za anthu nazo kumaoneka zobiriwirako. Koma chachikulu ndi kumva. Kamphepo kakadutsa masamba amati waaa kumwambako, kenako mitengoyo imagundana kuti go, go, ina kumalira kuti kweee ikamapindika, ndipo zimenezi sungazimve masana anthu akachuluka. Mu 1996 nthambi ya boma yoona zachilengedwe ku Japan inasankha mamvekedwe 100 a m'dziko lawo oyenera kusungidwa, kulira kwa nsungwi za ku Sagano kuli momwemo. Tangoganizani, boma kukhala pansi nkugwirizana kuti phokoso ili lisatayike. Ine zimenezo zinandikhudza kwambiri.

Kwathu nsungwi timaidziwa ndi malichero, madengu, nkhokwe, mono wophera nsomba, palibe amene amanyamuka ulendo kukangoiyang'ana. Kumenekonso ndi yantchito ndithu, amapangira mipanda, timipope ta madzi m'magadeni, kaburashi kotakasira tiyi wawo wobiriwira uja, ndipo mphukira zake amadya, zimatuluka cha mu April amazitcha takenoko. Olo Thomas Edison, mmene ankavutika kupeza kachingwe koyaka nthawi yaitali m'babu lake cha mu 1880, nsungwi imene inamuthandiza inachokera ku Yawata, kufupi ndi Kyoto komweko. Makulidwe ake ndi odabwitsa, mizu imayanga pansi yolumikizana, mphukira ikangotuluka imatha kukula pafupifupi mita yathunthu tsiku limodzi, pakatha miyezi iwiri yafika msinkhu wake wonse ndipo sinenepanso. Vuto lake ndi lomwelo. Ukaisiya osapatulira imathithikana, zakale zimauma nkumagwerana, mkati mumada bii, mizu nkumalowerera m'minda ndi m'nkhalango za mitengo ina, moti nsungwi zosiyidwa ndi mutu waukulu m'midzi yambiri ya ku Japan kumene achinyamata anathawira m'tauni. Ndiye ukaona ku Arashiyama kuli pwetete, nsungwi iliyonse ili ndi mpata wake, yang'ana pansi uona zitsa zodulidwa bwinobwino ndi sowo. Mpanda umene uli mbali zonse za njirayo nawo ndi wa nthambi zouma za nsungwi zomwezo, zosanjidwa ndi manja nkumangidwa, ndipo umawola, amausintha.

Chimene chinandipweteka ndi mayina. Pali alendo ena amatenga kiyi kapena kampeni nkulemba dzina lawo ndi la chibwenzi chawo pa nsungwi, ena mpaka kujambula kamtima. Nsungwi sipola ngati mtengo wina, chipsera chimenecho ndi cha muyaya, ndiye zina anazimata tepi yobiriwira kubisa, zowonongeka kwambiri amangozidula. Chonde ngati mudzapite, manja anu akhale m'thumba.

Geti la kumpoto la kachisi wa Tenryu-ji limatulukira pa njira ya nsungwi pomwepo, amatsegula 9 koloko, ndiye ukamaliza nsungwi anthu asanachuluke umangolowa. Kachisi ameneyu anamuyambitsa mu 1339 ndi Ashikaga Takauji, mkulu wa asilikali amene ankalamulira dziko, pofuna kupepesa mzimu wa mfumu Go-Daigo imene iye mwini anaiukira nkuilanda mphamvu. Ndalama zomangira zitavuta anachita kutumiza zombo zamalonda ku China. Nyumba zake zapsa ndi moto kasanu ndi katatu, komaliza mu 1864, ndiye zimene timaona lero si zoyambirira zija. Koma gadeni yake, imene anakonza mmonke wotchuka Muso Soseki, ikadali mmene anaiyalira zaka pafupifupi 700 zapitazo: dziwe la Sogenchi pakati, miyala yoimikidwa kutsidya ngati mathithi ouma opanda madzi, nsomba za koi zikuyenda pang'onopang'ono, ndipo nzeru yake ndi yoti sanaike malire ooneka, mitengo ya m'gadeni imangolumikizana ndi ya m'phiri la Arashiyama kuseri, ndiye ukakhala pakhonde umaona ngati phiri lonselo ndi la m'gadeni momwemo. Mu November phirilo limakhala psuu ndi masamba ofiira a mitengo imene amati momiji, kwina chikasu, kwina kobiriwirabe.

Apa ndi pamene ndinaona chimene ndakhala ndikuuza aliyense. Kuseri kwa dziwe, pamene njira imakwera, panali mayi wachikulire atagwada pa kamkeka kakang'ono pakati pa ndere, chipewa chachikulu kumutu, kadengu pambali. M'manja anali ndi kandodo kosongola kansungwi, akuzula timaudzu tating'onoting'ono toti ine ndili chiimire sindimationa nkomwe, amalowetsa kandodoko, kutukula pang'ono, kukoka ndi zala ziwiri, kenako nkupsinja ndereyo ndi chala chachikulu kuti ibwerere m'malo mwake. Akamaliza pamene mkono wake ukufika amasuntha kamkekako pang'ono nkuyambiranso. Pambali pake mnyamata akusesa masamba ndi katsache kofewa, osati kukokola ayi, kumangowakhudza pamwamba kuti ndere isazuke, chifukwa masamba akakhalitsa pamwamba ndere imafa, ndipo mwezi umenewu masamba amagwa tsiku lonse, akasesa apa kumbuyo kwagwanso ena. Chapatali abambo awiri ali pa makwerero a miyendo itatu, avala nsapato zija zogawanika pa chala chachikulu, akuthothola masamba akale a mtengo wa paini ndi manja, nthambi imodzi imodzi. Alendo amangodutsa kuthamangira pa dziwe kukajambula. Ine ndinaima pamenepo mpaka miyendo kuzizira, ndipo kuyambira pamenepo gadeni ina iliyonse imene ndinalowa maso anga amayamba afunafuna kaye amene akuisamalira.

Kumapeto kwa njira ya nsungwi kuli Okochi Sanso, nyumba ndi gadeni ya Okochi Denjiro amene anali katswiri wa mafilimu a asamurai, anaikonza kwa zaka pafupifupi 30. Tikiti yake ndi yokwererako mtengo ndiye anthu ambiri amabwerera pageti, koma mkati muli bata ndipo umaona mzinda wonse m'munsi. Mlatho wa Togetsukyo ndinangouwoloka nkubwerera, ndi wokongola koma masana anthu ake ndi osayamba.

Malangizo anga enieni ndi awa, mukachoka pamenepo musabwerere ku siteshoni, yendani wapansi kulowera kumpoto. Mukamapita anthu amanka nachepa, mumadutsa timinda ta ndiwo zamasamba, nyumba za anthu wamba, kenako Gio-ji, kakachisi kakang'ono kofolera ndi udzu kamene bwalo lake lonse ndi ndere yokhayokha. Kupitirira apo, kudutsa msewu wakale wa Saga Toriimoto, mufika ku Adashino Nenbutsu-ji. Kalekale dera limeneli ndi kumene ankasiyako mitembo ya anthu, ambiri osauka ndi opanda abale, ndipo timiyala ta pamanda awo tinamwazikana m'thengo kwa zaka mazanamazana mpaka anthu anadzatitolera nkutisonkhanitsa pamodzi, pafupifupi 8,000, tandandalikidwa m'mizere, tambiri nkhope zinafufutika kale. Mwezi wa August amayatsa makandulo kuwakumbukira. Mkati mwa mpanda wa miyalayo saloleza kujambula ndipo ndi zoyenera, pamenepa ndi pamanda, anthu amene anafa opanda owalira anapeza owakumbukira. Kuseri kwa kachisiyu kulinso nsungwi, zili ndi masitepe okwera pakati, zochepa poyerekeza ndi za ku Arashiyama koma ndinakhalamo ndekha nthawi yaitali ndithu.

Mukalimba mwendo pang'ono kukwera mtunda mufika ku Otagi Nenbutsu-ji, kumene ndinaseka ndi chimwemwe. Kuli ziboliboli zamiyala 1,200 za ophunzira a Buddha, koma sanazisema akatswiri ayi. Kachisiyu anali atawonongeka, ndiye wansembe wake Kocho Nishimura, amene analinso mmisiri wosema, anaitana anthu wamba kuti abwere awaphunzitse aliyense aseme chake, kuyambira mu 1981 mpaka 1991. Ndiye nkhope iliyonse ndi yakeyake, wina akuseka mano onse pamtunda, awiri akuthirirana mowa, wina wanyamula kamera, wina wafukata mwana, ndere yawamera kumutu ndi m'mapewa moti ungaganize ndi za zaka 500.

Kinkaku-ji, kachisi wagolide uja, ndinapita chifukwa sungafike ku Kyoto osamuona. Anamanga ndi Ashikaga Yoshimitsu mu 1397 ngati nyumba yake yopumulirako, atamwalira inasanduka kachisi wa Zen, nthambi ina ya Chibuda. Nsanjika ziwiri zapamwamba ndi zokutidwa ndi golide, dzuwa likawomba imachita ng'aning'ani m'madzi a dziwe. Nayonso si yoyambirira, mu 1950 mmonke wachinyamata anaiyatsa moto inapsa yonse, anaimanganso mu 1955, golide nkudzamuikanso watsopano mu 1987. Ndi yokongola zedi, koma kunena chilungamo njira yake ndi imodzi, khamu limakukankha, ukajambula basi watuluka, mtima sunakhazikike. Tikiti yake yokha ndi imene ndinasunga, ndi pepala loyera lalitali lolembedwa ndi inki yakuda ndi zidindo zofiira, la madalitso a pakhomo.

Kuchoka apo wapansi mphindi ngati 20 ndi Ryoan-ji, ndipo uku ndiye kofunika nthawi. Umavula nsapato pakhomo, matabwa ake ozizira kwabasi ndiye valani sokosi zokhuthala, nkukakhala pakhonde. Kutsogolo kwako kuli bwalo la mamita 25 m'litali ndi 10 m'lifupi, lothiridwa timiyala toyera, ndipo pamenepo pali miyala 15 yoikidwa m'magulu asanu, gulu lililonse lazunguliridwa ndi kandere pang'ono. Basi. Palibe duwa, palibe mtengo, palibe madzi. Kuseri kuli khoma ladothi limene anasakaniza ndi mafuta, ndiye mafutawo pa zaka zonsezi akhala akutuluka nkujambula mawanga ofiirira pakhomalo. Anaiyala mwa njira yoti paliponse pamene ungakhale pakhondepo sungaione yonse 15 nthawi imodzi, umodzi umabisala kuseri kwa unzake, ndiye umamva anthu akuwerenga chapansipansi m'zilankhulo zosiyanasiyana, kusuntha, kuyambiranso. Mphindi zoyamba maganizo amakhala ali balala, ukuganiza za basi, za nkhomaliro. Ukapirira osadzuka, maso amayamba kuona mizere imene reki inadutsa, yowongoka kuchokera uku mpaka uko, ikafika pamwala nkuuzungulira ngati mafunde, ndipo palibe phazi la munthu paliponse, kutanthauza kuti amene anakokayo amayenda chobwerera m'mbuyo akufufuta mapazi ake omwe. Mvula ikagwa, mphepo ikabweretsa masamba, ayambiranso. Kachisiyu anayamba mu 1450, ndiye werengani nokha mibadwo ya anthu amene agwirapo reki imeneyo.

Kulinso kachisi wina amene amati wasiliva, ndipo pa awiriwa, wagolide ndi wasiliva, ine mtima wanga uli kwa wasiliva, Ginkaku-ji, ngakhale siliva palibepo olo pang'ono. Anayamba kumanga mu 1482 ndi Yoshimasa, mdzukulu wa Yoshimitsu uja, nkhondo ya Onin itangotha kumene kuwononga mzinda. Ndi nyumba yamatabwa akuda okalamba, yofatsa. Pabwalo pali mulu wa mchenga woumbidwa bwinobwino wotalika pafupifupi mamita awiri, pamwamba pake pafulati, umaima ndi madzi ndi kuumbidwa basi ndiye amaukonza pafupipafupi. Ukatuluka umatsata kangalande ka madzi makilomita awiri, njira imene wanzeru wina wa pa yunivesite ya Kyoto, Nishida Kitaro, ankakonda kuyendamo akusinkhasinkha.

Ku Fushimi Inari pitani madzulo kapena m'mamawa, satseka ndipo salipiritsa. Awa ndi malo a Shinto, anayamba mu 711, a Inari mulungu wa mpunga amenenso amalonda amamudalira. Zipata zofiira zija zilipo pafupifupi 10,000, zondondozana mpaka kupanga ngati mphanga kukwera phiri la mamita 233. Chipata chilichonse anapereka ndi munthu kapena kampani, ukatembenuka poyang'ana kumbuyo umaona dzina ndi deti zolembedwa ndi penti yakuda. Poti ndi zamitengo zimawola m'munsi, ndiye pakati pa zowala zatsopano umapeza zina zosuluka, pena mpata pamene achotsapo chakugwa, ndipo ndinapeza bambo wina atakwera pa kamakwerero ndi kaburashi akulemba zilembo pa chatsopano, dzanja osanjenjemera. Ziboliboli za nkhandwe zili paliponse, zina zaluma kiyi wa nkhokwe ya mpunga. Anthu ambiri amathera m'munsi, ukafika pa Yotsutsuji pakati pa phiri achepa kale, ndipo pamenepo umaona kum'mwera konse kwa mzinda magetsi akuyamba kuyaka.

Kiyomizu-dera amatsegula 6 koloko m'mawa. Khonde lake lalikulu limene linamangidwa mu 1633 laima pa mizati mamita 13 kuchokera pansi popanda msomali olo umodzi, mitengo yolowetsana yokhayokha. Chimene chinandigometsa ndi choti akachisiwo anadzala kale mitengo m'mapiri yoti idzagwire ntchito yosintha mizati imeneyi zaka mazana zikubwerazo, odzalawo akudziwa bwinobwino kuti olo zidzukulu zawo sizidzaiona ikudulidwa.

Tsono tisaiwale kuti mumzindamu mumakhala anthu, pafupifupi 1.4 miliyoni, ndipo alendofe tikuwalemera. Ndinaona agogo ena ndi kangolo kawo kogulira zinthu akulephera kukwera basi ya m'dera lawo lomwe chifukwa yadzaza ndi alendo ndi masutikesi, zinandimvetsa chisoni. Ku Gion anafika poletsa kujambula m'tinjira ta eni ake kuyambira mu 2019, chindapusa 10,000 yen, chifukwa anthu ankathamangitsa ma geiko ndi ma maiko, amayi osangalatsa alendo ndi magule ndi nyimbo zamakolo pamodzi ndi atsikana ophunzira ntchitoyi, ndi makamera mpaka kuwakoka zovala pamene iwo akupita kuntchito. Ndiye ngati mungathe kwerani sitima m'malo mwa basi, chikwama chachikulu siyani ku hotelo kapena m'maloka a pa siteshoni, yendani ndi kajumbo koikamo zinyalala zanu chifukwa mabini ndi osowa, ndipo khalani ndi ndalama zakashi poti akachisi ambiri pageti salandira khadi. Pa tsiku musapanikize malo ambiri, awiri kapena atatu oyandikana akwana, Arashiyama payekha ndi tsiku lathunthu.

Ndipo amene ndere yakusangalatsani ngati ine, kuli Saiho-ji, kum'mwera kwa Arashiyama, gadeni inanso ya Muso Soseki yemwe uja, imene ili ndi mitundu ya ndere pafupifupi 120. Kumeneko sumangofika nkugula tikiti, umayenera kubukitsa malo pasadakhale, amalola anthu ochepa pa tsiku kuti ndere isapondedwe, ndipo usanalowe m'gadeni amayamba akukhazika pansi m'kachisi nkukupatsa pepala ndi cholembera kuti ukopere malemba a Chibuda. Malo amatha msanga makamaka mu June nthawi ya mvula ndi mu November, ndiye bukitsani pa intaneti musananyamuke.